Kukonzekeretsa Kagalu Kanu Kukalowa M'bwalo la Chionetsero Koyamba

Woweruza pa chionetsero cha agalu sakhalitsa pa galu mmodzi. Pa mphindi ziwiri zokha, kapena kuposerapo pang'ono, amakhala atamuyang'ana galuyo ali chiimire, atakweza milomo yake kuti aone mano, atamupapasa kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndiponso atamuona akuyenda kupita ndi kubwerera. Ntchito yonse imene mudzagwire pa miyezi itatu kapena inayi yokonzekera ndi ya mphindi ziwiri zimenezi. Komabe, kwa kagalu kamene kakulowa m'bwalo koyamba, zimene kadzakumbukire za tsikulo n'zofunika kuposa zimene woweruza adzagamule. Kagalu kamene katuluka m'bwalo kakugwedeza mchira, ngakhale kakhale komalizira pa onse, kadzalowanso mosavuta ulendo wina, pamene kamene kaopsezedwa pa tsiku loyamba kamatha miyezi yambiri kakukana kugwiridwa ndi mlendo, ndipo kuchotsa mantha oterowo ndi ntchito yaikulu kuposa kuphunzitsa kagalu kamene sikanadziwe kalikonse.

Choyamba muyenera kumvetsa chimene chimaweruzidwa. Chionetsero chimene tikunena pano sichiyesa nzeru za galu kapena luso lake pomvera malamulo, pakuti zimenezo zili ndi mipikisano yakeyake. Mtundu uliwonse wovomerezeka wa galu uli ndi chikalata cha muyezo wake, chimene chimafotokoza msinkhu, kapangidwe ka mutu, kakhalidwe ka makutu ndi mchira, ubweya, kayendedwe ndiponso khalidwe limene galu wabwino wa mtunduwo ayenera kukhala nalo. Woweruza amayerekeza galu aliyense ndi muyezo umenewo, kenaka amasankha amene wayandikira kwambiri. Zionetsero zoterezi zinayamba mu 1859 ku Newcastle upon Tyne, m'dziko la England, kumene anaonetsa agalu osakira a mitundu ya pointer ndi setter, ndipo mpaka lero cholinga chake chachikulu ndi kuzindikira agalu oyenera kubereka ena. Mukadziwa zimenezi simudzadabwa kuona woweruza akulabadira zinthu zimene mwini galu wamba saziganizira n'komwe. Pezani chikalata cha muyezo wa mtundu wa kagalu kanu, muchiwerenge kagaluko kali pamaso panu, ndipo ngati n'kotheka muchiwerenge pamodzi ndi amene anakaweta, chifukwa woweta woona mtima adzakuuzani mosabisa pamene kagaluko kali bwino ndi pamene kaperewera.

Malamulo a zionetsero amasiyana potengera bungwe limene likuyang'anira. The Kennel Club ya ku Britain inakhazikitsidwa mu 1873, American Kennel Club mu 1884, Kennel Union of Southern Africa mu 1891, ndipo Fédération Cynologique Internationale, imene ambiri amangoitchula kuti FCI, inayamba mu 1911 ndipo likulu lake lili ku Thuin m'dziko la Belgium. Musanachite china chilichonse, fufuzani bungwe limene malamulo ake akugwira ntchito pa chionetsero chimene mukufuna, chifukwa zimene mnzanu anachita pansi pa bungwe lina zikhoza kukhala zoletsedwa kwa inu. Pafupifupi kulikonse kagalu kayenera kukhala kolembetsedwa m'kaundula wa bungwelo, ndipo umwini wake uyenera kukhala utasinthidwa kuchoka m'dzina la woweta kubwera m'dzina lanu. Anthu ambiri amasunga satifiketi m'kabati osaiyang'ananso, n'kudzazindikira sabata yomaliza kuti m'kaundula kagaluko kakadali ka mwini wake woyamba.

Nkhani ya msinkhu ndi imene imasokoneza ongoyamba kumene. Pansi pa The Kennel Club, kagalu kayenera kukhala katakwanitsa miyezi 6 pa tsiku loyamba la chionetsero kuti kalowe mpikisano weniweni, ndipo pali gulu la tiagalu ta miyezi 6 mpaka 9 ndi lina la miyezi 6 mpaka 12. American Kennel Club nayonso imayambira pa miyezi 6 pa mpikisano weniweni, koma ili ndi mpikisano wapadera wa tiagalu ta miyezi 4 mpaka 6, umene cholinga chake n'kuzolowetsa. Pansi pa FCI, gulu la tiagalu ndi la miyezi 6 mpaka 9, ndipo kagalu kakakwanitsa miyezi 9 kamatha kulowa m'gulu la agalu achisodzera limene limafika miyezi 18. Werengani msinkhuwo pa kalendala ndi chala, osati m'mutu. Ine ndinalembetsapo kagalu kamene kanatsala ndi masiku awiri kuti kakwanitse miyezi 6, ndipo ndinangozindikira kulakwa kwanga ndalama yolembetsera itapita kale. Palibe amene akanandithandiza, chifukwa lamulolo silikhululuka ngakhale tsiku limodzi.

Posankha chionetsero choyamba, yang'anani chaching'ono. Zionetsero zikuluzikulu zimakhala ndi agalu mazanamazana kapena masauzande, zimkuzamawu zolira tsiku lonse, makina oumitsira ubweya ndi anthu othithikana, ndipo zonsezi n'zambiri kwa kagalu ka miyezi 6. Zina mwa izo simungangolowa n'komwe. Chionetsero cha Crufts, chimene chinayamba mu 1891 ndipo masiku ano chimachitikira ku Birmingham, chimafuna kuti galu ayambe wachita bwino pa zionetsero zina asanaloledwe. Makalabu ambiri amakonza zionetsero zazing'ono kapena zoyeserera, kumene oweruza amaleza mtima ndipo palibe amene amakwiya kagalu kakakhala pansi pakati pa bwalo. Lembetsani gulu limodzi lokha, la tiagalu ta msinkhu wochepetsetsa limene kagalu kanu kakuyenera, ngakhale fomu ikulolani kulowa magulu atatu. Ndi bwinonso kuti muyambe mwapita nokha ku chionetsero china popanda galu, mukakhale pambali pa bwalo la mtundu wanu ola lathunthu mukuona mmene anthu akuimikira agalu awo, liwiro limene akuyendetsera, ndi mmene woweruza akuwalozera.

Fomu yolembetsera imatsekedwa kudakali masabata angapo chionetsero chisanachitike, ndipo tsiku lotsekeralo salisuntha. Lembani dzina la kagalu monga momwe lilili pa satifiketi, osati dzina limene mumakaitanira pakhomo, ndipo mukopere mosamala nambala ya m'kaundula, tsiku lobadwa, mayina a makolo ake ndi dzina la woweta.

Za thanzi, kambiranani ndi dokotala wa ziweto nthawi idakalipo. Kagalu kayenera kukhala katamaliza katemera wa matenda oopsa monga parvovirus ndi distemper, amene mlingo wake womaliza wa paubwana umaperekedwa pafupifupi pa masabata 16, komanso katemera wa chiwewe kumene akufunika. Kakhale katamwa mankhwala a njoka za m'mimba, kopanda utitiri ndi nkhupakupa, ndipo ngati malamulo akufuna microchip, kachipangizo kakang'ono kokhala ndi nambala kamene kamaikidwa pansi pa khungu la galu, onetsetsani kuti nambala yake ikugwirizana ndi imene ili pa mapepala. The Kennel Club imaletsa kubweretsa galu amene wakhala pafupi ndi matenda opatsirana m'masiku 21 chionetsero chisanachitike. Lamulo limeneli n'lanzeru kulikonse, popeza galu mmodzi wotsokomola akhoza kupatsira agalu ambiri pa tsiku limodzi, ndipo amene amavutika kwambiri ndi tiagalu tating'ono ngati kanu komwe.

Pali zinthu ziwiri za m'thupi zimene muyenera kuziona nokha woweruza asanazione. Choyamba ndi mano. Kagalu kamakhala ndi mano a ubwana 28, amene amayamba kuguluka pa miyezi itatu kapena inayi, ndipo pofika miyezi 6 kapena 7 kamakhala ndi mano achikulire 42. Nthawi imeneyi nkhama zimapweteka, choncho kugwira pakamwa kumafuna dzanja lofatsa. Nthawi zina dzino la ubwana, makamaka lakuthwa la m'mbali lija, limakana kuguluka n'kuima pamodzi ndi latsopano, ndipo zikatero dokotala ndiye angakuuzeni ngati liyenera kuchotsedwa. Mitundu yambiri imafuna kuti mano akutsogolo a m'mwamba aphimbe pang'ono a m'munsi monga mmene sizasi imatsekera, koma mitundu ngati Boxer ndi Bulldog imafuna nsagwada ya m'munsi yotulukirako kutsogolo, ndiye onani zimene muyezo wanu ukunena. Chachiwiri chikukhudza galu wamphongo: woweruza adzapapasa kuti atsimikize kuti machende onse awiri anatsika bwinobwino. American Kennel Club silola galu wofulidwa pa mpikisano wa maonekedwe, pamene mabungwe ena amalola mukawadziwitsa, choncho ngati mukuganiza zokaonetsa kagalu kanu musathamangire kukafula musanawerenge malamulo.

Maphunziro enieni amayamba ndi kuzolowetsa kagalu ku dziko. Masabata oyambirira a moyo wake, kufikira pafupifupi masabata 12 kapena 14, ndi nthawi imene kamalandira zinthu zachilendo mosavuta, ndipo zimene kakumana nazo mwamtendere pa nthawiyi sikadzaziopa kakakula. Kaloleni kagwiridwe ndi amuna ndi akazi, ovala chipewa, ovala magalasi, andevu ndi onunkhira mafuta onunkhiritsa, pakuti simudziwa kuti woweruza wanu adzakhala wotani. Kayendetseni pa udzu, pa simenti, pa matailosi oterera ndi pa mphasa za labala, kamve kuwomba m'manja ndi kugwa kwa mpando. Ngati katemera sanathe, kanyamuleni m'manja popita kumalo kumene kumadutsa agalu osadziwika.

Kuima ndi phunziro limene limafuna kudekha koposa onse. Pa mitundu yambiri, galu amaima miyendo yakutsogolo ili yowongoka pansi pa mapewa, miyendo yakumbuyo itabwerera m'mbuyo pang'ono kotero kuti chigawo cha pansi cha mwendo, kuchokera pa mfundo yotulukira kumbuyo ija kufika pa phazi, chaima chilili, msana uli wowongoka ndipo mutu uli m'mwamba. Mitundu ina ili ndi kaimidwe kakekake. German Shepherd, mwachitsanzo, amaima mwendo umodzi wakumbuyo uli pansi pa thupi, winawo utatambasukira m'mbuyo. Pokonza mwendo wakutsogolo, gwirani pa chigongono, osati pa phazi, chifukwa galu ukamugwira phazi amalikoka. Dzanja limodzi likhale pansi pa chibwano kapena pa lamba wa m'khosi, mupendeketse mutu pang'ono kumbali ina kuti kulemera kuchoke pa mwendo umene mukufuna kusuntha, kenaka muunyamule n'kuuika pamalo pake. Mwendo wakumbuyo ugwireni pa mfundo ija. Kagalu kakaima ngakhale masekondi atatu okha, nenani mawu amodzi amene mwasankha, monga akuti “ima”, kapatseni kachidutswa kakang'ono ka nyama yophika, n'kukamasula kuti kasewere. Mawa mufike masekondi asanu. Chitani zimenezi patsogolo pa galasi lalikulu, chifukwa mukayang'ana galu kuchokera pamwamba mumaona zosiyana kotheratu ndi zimene woweruza amaona kuchokera m'mbali, ndipo mudzadabwa kupeza kuti kagalu kamene mumaganiza kuti kaima bwino kwenikweni katambasuka ngati kakufuna kudziwongola.

Phunziro lililonse lisapitirire mphindi zitatu kapena zisanu, kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo muzilisiya kagalu kasanatope. Cholakwa chimene ndachiona kawirikawiri n'chakuti mwini galu, poona kuti lero zikuyenda, amabwereza kakhumi mpaka kagalu kagwetsa makutu ndi mchira. Kagalu kotero kamaphunzira kuima ndithu, koma kamaima ngati kakudikira chilango, ndipo woweruza amazindikira zimenezo kuchokera kutsidya kwa bwalo. Chinanso n'chakuti ngati mwakhala mukuphunzitsa kagalu kukhala pansi nthawi zonse kakaona chakudya m'dzanja, m'bwalo kadzachitanso chimodzimodzi. Kwa masabata angapo, mphotho izibwera pokhapokha miyendo yonse inayi itaima.

Kagalu kakazolowera kuima, yambani kuyeserera kupimidwa. Pemphani munthu wina abwere kuchokera kutsogolo mosathamanga, atambasule dzanja kuti kagalu kanunkhize, kenaka agwire mutu, makutu, khosi, mapewa, chifuwa, nthiti, msana, ntchafu ndi mchira, ndipo kwa wamphongo apapasenso pansi. Poonetsa mano, ikani dzanja lina pansi pa nsagwada, lina pamwamba pa mphuno koma osatseka maso kapena mphuno yeniyeniyo, mukweze milomo yakutsogolo pakamwa pali potseka, kenaka muonetse mbali iyi ndi iyo. Oweruza ena amatsegula okha, ena amapempha mwini galu kuti aonetse pofuna kupewa kufalitsa matenda ndi manja awo, ndiye kagalu kazolowere njira zonse ziwiri. Mukamaonetsa nokha, kumbukirani kubweza mutu wanu m'mbuyo, popeza ongoyamba ambiri amawerama kuti aone okha mano aja, woweruza n'kumangoona nkhongo yawo. Agalu a mitundu ing'onoing'ono amapimidwa pa tebulo. Yeserani pa tebulo losagwedera, lokhala ndi mphasa yosaterera pamwamba, ndipo dzanja lanu lisachoke pa kagalu ngakhale kamphindi, chifukwa kagalu kamene kagwapo pa tebulo kamodzi kamatenga nthawi yaitali kuti kalikhulupirirenso.

Poyenda, galu amakhala kudzanja lanu lamanzere, ndipo chingwe chimagwiridwa ndi dzanja lomwelo. Chingwe cha pa chionetsero chimakhala chopyapyala ndi chopepuka, chimakhala m'mwamba m'khosi kuseri kwa makutu, ndipo chotsala chake mumachipinda n'kuchibisa m'chikhatho kuti chisalendewere. Kayendedwe kamene woweruza amafuna ndi kapakati pa kuyenda ndi kuthamanga, pamene mwendo wakutsogolo wakumanja umaponda nthawi imodzi ndi wakumbuyo wakumanzere. Mukayenda pang'onopang'ono kwambiri, agalu ena amayamba kusuntha miyendo ya mbali imodzi pamodzi, thupi n'kumagwedezeka uku ndi uku, ndipo mukathamanga kwambiri kagalu kamayamba kudumphadumpha poganiza kuti ndi masewera. Liwiro loyenera limapezeka poyesa, ndipo njira yachidule ndi kupempha wina akujambuleni vidiyo pa foni kuchokera m'mbali ndi kutsogolo. Chingwe chisakoke khosi m'mwamba mpaka mapazi akutsogolo kulephera kuponda bwino. Woweruza angakuuzeni kuti mupite molunjika n'kubwerera, kuti aone miyendo kumbuyo ndi kutsogolo, kapena kuti muyende njira ya makona atatu, kuti aonenso m'mbali, kapena kuti nonse muzungulire bwalo mosemphana ndi mivi ya wotchi. Kuti muyende mowongoka, sankhani chinthu china kutsidya, monga mtengo kapena mpando, n'kulunjika pomwepo. Musaiwale kuti mafupa a kagalu akadakula, choncho maulendo ochepa afupiafupi ndi okwanira.

Ngati pafupi nanu pali kalabu imene imachititsa maphunziro oyeserera za m'bwalo, pitani ngakhale kangapo kokha. Pakhomo simungapeze agalu ena asanu oyenda patsogolo ndi pambuyo pa kagalu kanu, ndipo chimenechi ndicho chimasokoneza tiagalu tambiri pa tsiku lenileni.

Kasamalidwe ka ubweya kamatengera mtundu, ndipo apa m'pamene uphungu wa woweta umaposa buku lililonse. Galu wa ubweya waufupi amangofuna kusambitsidwa tsiku limodzi kapena awiri chionetsero chisanafike, n'kupukutidwa ndi nsalu. Wa ubweya wautali amafuna kupesedwa bwino mpaka pakhungu ndi kuumitsidwa mosamala. Agalu a ubweya wokhakhala, monga mitundu yambiri ya terrier, sametedwa ndi makina koma ubweya wakufa umazulidwa ndi zala kudakali masabata angapo, ndipo kuwasambitsa usiku woti mawa ndi chionetsero kumafewetsa ubweya umene muyezo ukufuna kuti ukhale wolimba. Musayese kumeta kalembedwe katsopano sabata yomaliza, chifukwa ubweya umene mwadula molakwika sungamere pofika Loweruka. Zikhadabo muziziwenga pang'onopang'ono sabata iliyonse m'malo modula zambiri nthawi imodzi, popeza m'kati mwake muli mtsempha umene ukadulidwa umatulutsa magazi, kagalu n'kumatsimphina. Tsukani m'makutu ndi m'mbali mwa maso. Mabungwe ambiri amaletsa kudaya ubweya kapena kusiyamo mankhwala osintha maonekedwe ake, ndipo kagalu kaukhondo, kopesedwa bwino, sikasowa zoterozo.

Usiku woti mawa ndi tsikulo, longedzani mapepala olembetsera, khadi la katemera, chingwe cha pa chionetsero ndi china chapadera, madzi ndi mbale yake, tizidutswa ta mphotho, burashi, thaulo, timatumba totolera ndowe, ndi khola lonyamulika limene kagalu kanazolowera kale kugonamo, pamodzi ndi nsalu yophimbira. Inunso sankhani zovala zokhala ndi thumba ndi nsapato zosaterera zimene mungathamange nazo, ndipo mtundu wa chovalacho usiyane ndi wa galu, pakuti galu wakuda ataima patsogolo pa chovala chakuda mzere wa msana wake suoneka. Ngati kagalu sikanazolowere galimoto, yambani maulendo afupiafupi kudakali masabata, chifukwa kagalu kamene kasanza njira yonse kamafika kali kofooka ndi konyowa pachifuwa. M'mawa mwa tsikulo kapatseni chakudya chochepa, ndipo musayese chakudya chachilendo.

Fikani kudakali ola limodzi kapena kuposerapo. Pezani bwalo lanu, ikani khola pamthunzi ndi pamalo opanda phokoso lambiri, kenaka mupite ndi kagalu kumalo odzithandizira, ndipo mukapatse nthawi yokwanira, popeza tiagalu tambiri timaumira pamalo achilendo n'kukamasukira pakati penipeni pa bwalo. Kayendetseni pang'ono kuti kaone ndi kununkhiza malowo, koma musalole kuti kathamangire galu aliyense, chifukwa si agalu onse akuluakulu amene amakonda tiana, ndipo eni ake ena atha maola akupesa. Mukatero kabwezereni m'khola kapume. Kagalu ka miyezi 6 kali ndi mphamvu zochepa za kutchera khutu, ndipo mukazithera panja mukuyeserera kuima kambirimbiri, m'bwalo mudzalowa ndi kagalu kotopa. Musasiye galu m'galimoto yotseka ngakhale kunja kukuoneka kozizira, pakuti kutentha kwa m'kati kumakwera msanga ndipo kumapha.

Nambala yanu mudzailandira pa khomo la bwalo kapena kwa mlembi, ndipo imavalidwa pa mkono wamanzere kapena pachifuwa, malinga ndi mwambo wa bungwelo. M'bwalo muli wothandizira woweruza, amene amaitana magulu ndi kulemba amene afika. Muuzeni mwaulemu kuti aka n'koyamba, ndipo ngati malamulo salamula kuti muime motsata manambala, pewani kukhala woyamba pamzere kuti muone zimene anzanu akuuzidwa. Yang'anirani nokha mmene magulu akuyendera, chifukwa gulu lanu likaweruzidwa inu kulibe, salibwereza.

Mukalowa, siyani mpata wokwanira pakati pa kagalu kanu ndi galu wa patsogolo, ndipo nthawi zonse galu akhale pakati pa inu ndi woweruza. Musaumirize kagalu kuima nthawi yonse imene ena akupimidwa. Kalekeni kamasuke, muzikayankhula motsitsa mawu, ndipo muyambe kukaimika pamene wa patsogolo panu wayamba kuyenda. Woweruza akafunsa msinkhu, yankhani miyezi yake basi, osayamba kufotokoza za makolo ake kapena zimene anapambana. Ngati simunamve njira imene wakuuzani, funsaninso, palibe chamanyazi. Mphotho ikhale m'thumba kapena m'dzanja, isagwere pansi pamene ingasokoneze agalu ena, ndipo musaipereke woweruza atatsala pang'ono kuona mano. Chovuta kwambiri n'kudziletsa inu mwini. Mantha anu amatsika ndi chingwe: dzanja likauma, chingwe chimalimba, ndipo kagalu kamayamba kufunafuna chimene chakuopsani. Pumirani m'mwamba, masulani mapewa, ndipo muyankhule ndi mawu omwe aja a pakhomo.

Zinthu zidzalakwika ndithu, ndipo oweruza a tiagalu anaziona zonse. Kagalu kakhoza kukhala pansi, kugubuduzika chagada kuti woweruza akasisite pamimba, kuluma chingwe kapena kuyenda ndi miyendo iwiri. Kanga koyamba kanatola tsamba louma pa kona yoyamba n'kuyenda nalo monyadira njira yonse ya makona atatu, ndipo woweruza anangoseka n'kutiuza kuti tibwereze. Zikachitika zoterezi imani, kakhazikeni mtima pansi, muyambirenso, osakalipa kapena kukoka chingwe mwaukali, zimene ndi zoletsedwanso m'malamulo. Kusewera si vuto lalikulu pa msinkhu uwu. Chimene muyenera kuchiopa ndi mantha enieni, monga kubisa mchira pansi pa mimba, kunjenjemera, kubwerera m'mbuyo woweruza akamayandikira kapena kudzuma. Mukaona zimenezi musakagwire mwamphamvu kuti kapimidwe mokakamiza, chifukwa galu wopanikizidwa akhoza kuluma, ndipo kuluma woweruza kungachititse kuti aletsedwe kuonetsedwanso. Pemphani chilolezo chotuluka, mukakhale nako pambali pa bwalo kakudya tizidutswa take ndi kuonerera, ndipo mubwerere ku maphunziro oyeserera kwa masabata angapo.

Pomaliza woweruza amaloza opambana motsatana. Mitundu ya maliboni imasiyana: ku Britain woyamba amalandira yofiira, wachiwiri yabuluu, pamene ku America woyamba ndiye amalandira yabuluu, wachiwiri yofiira. Pansi pa FCI kagalu kalikonse kamapatsidwa chigamulo chonena ngati kakulonjeza kwambiri, kakulonjeza, kapena kakulonjeza pang'ono, ndipo pa zionetsero zambiri woweruza amalembanso ndemanga yachidule. Ndemangayo isungeni, koma muiwerenge podziwa kuti kagalu ka msinkhu uwu kamasintha mwezi ndi mwezi. Lero kumbuyo kwatalika kuposa kutsogolo, mwezi wamawa chifuwa chatsika ndipo zonse zalingana. Thokozani woweruza, yamikirani amene wapambana, ndipo ngati mwakhala woyamba funsani wothandizira uja ngati mukuyenera kubweranso kudzapikisana ndi opambana a magulu ena, chifukwa ambiri amanyamuka ndi chisangalalo n'kuphonya gawo limenelo.

Mukangotuluka m'bwalo, kaya ndi riboni kaya mulibe, seweretsani kagalu ndi chidole chake, kapatseni madzi, ndipo musakhalitse pamalopo kufikira madzulo. Kunyumba kadzagona kwambiri tsiku limenelo ndi lotsatira, zimene n'zachibadwa. Kwa masabata awiri otsatira khalani tcheru ndi chifuwa, kutsegula m'mimba kapena kukana chakudya, ndipo mukaona chimodzi mwa izi pitani kwa dokotala wa ziweto n'kudziwitsanso amene anakonza chionetserocho. Onerani vidiyo ya m'bwalo ngati wina anakujambulirani, musankhepo chinthu chimodzi chokha choti mukonze, kaya ndi liwiro, kaya ndi kuonetsa mano, ndipo mupatse kagalu masabata atatu kapena anayi musanakalembetsenso kwina.